Lupanga lija akuti "la nkhondo ya Mlozi": werengani kaye zomwe zalembedwa pachitsulopo

Funso labwera kuchokera kwa m'bale wathu wina yemwe akukhala ku Nottingham. Akuti Loweruka lapitali anagula lupanga lakale la ofisala wa asilikali pa msika wa zinthu zamakedzana, mapaundi 280, wogulitsayo atamva zoti kwawo ndi ku Malawi anamuuza kuti lupangalo linali la ofisala wa King's African Rifles (KAR, kwathu timati Keyala) ndipo linamenya nawo nkhondo ya Mlozi, wogulitsa akapolo uja, ku Karonga. Pachotchinga dzanja pali chisoti chachifumu ndi zilembo zopiringizana, G ndi R ndi ka V kakang'ono, chitsulo chili ndi dzimbiri mwa apo ndi apo. Agogo ake anali a Keyala nde mtima unagunda. Akufunsa ngati nkhaniyo ili yoona, alitsuke bwanji kuti liwale, komanso akuti akufuna ayambe kutolera malupanga ngati amenewa.

Achimwene, mtima pansi kaye, lupangalo mwina ndi lenileni ndithu, koma nkhani yomwe anakugulitsirani limodzi nalo ija nde yabodza, ndipo simukufunika katswiri kuti muone bodzalo, zilembo zitatu mwatchulazo zaulula kale. GR ndi ka V ndi chizindikiro cha mfumu George V, yemwe analowa ufumu mu 1910 nkumwalira mu 1936. Mlozi anagonjetsedwa ndi Harry Johnston nkupachikidwa mu December 1895, nthawi imeneyo pampando panali Victoria ndipo lupanga la nthawi yake limakhala ndi VR. Komanso dzina loti King's African Rifles linayamba pa 1 January 1902, mu 1895 kunalibe Keyala. Ndiye pa chithunzi mwatumizacho ndikuona kuti lanulo ndi pateni (dizaini yovomerezedwa ndi boma) ya 1897 ya maofisala a asilikali oyenda pansi, kutanthauza kuti ngakhale dizaini yakeyo inali isanabadwe pamene Mlozi ankafa. Katatu konse nkhani yagwa.

Sindikuti wogulitsayo ndi wakuba ayi. Ambiri mwa anthu amenewa amangobwereza zomwe anauzidwa ndi amene anawagulitsa, ena amangoona nkhope ya kasitomala nkusankha nkhani yomuyenera, mukanakhala wa ku South Africa bwenzi lupanga lomwelo litamenya nkhondo ya Azulu ya 1879. Ife otolera timaseka kuti malupanga onse ogulitsidwa kuti "anali ku Waterloo" mutawasonkhanitsa pamodzi ndekuti msilikali aliyense mu 1815 ananyamula khumi.

Koma pali kakhomo kamodzi kotseguka. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo inanso pa 9 September 1914, Angerezi ndi Ajeremani ochokera ku Tanganyika, chiyambi cha nkhondo ija agogo athu ankati ya Chiwaya, ndipo imeneyo nde inali mu ulamuliro wa George V. Zotheka kuti nkhani ziwirizi zinasakanikirana mkamwa mwa anthu, zotheka. Koma kutheka si umboni, ndipo umboniwo ngati ulipo uli pamsana pa lupangalo. Ndibwerako.

Choyamba mumvetse kuti lupanga la ofisala silinali katundu wa boma ngati mfuti. Msilikali wamba ankapatsidwa zida ku sitolo ya gulu lake, koma ofisala ankagula yekha ndi ndalama zake, yunifolomu, nsapato, lamba, lupanga, zonse, nthawi zambiri kwa telala wa zovala za asilikali. Nchifukwa chake dzina lomwe mumaliona pachitsulo pafupi ndi chigwiriro nthawi zambiri si la wosula ayi, ndi la telala kapena shopu, monga Hawkes kapena Hobson ku London, kaya Manton ku Calcutta kwa omwe ankagwira ntchito ku India. Osula enieniwo anali ena, Wilkinson, Pillin, Thurkle ku London, Robert Mole ku Birmingham, ndipo zitsulo zina zinkachokera ku Solingen ku Germany nkhondo ya 1914 isanayambe. Boma linkangonena pateni yake basi, ndiye mnyamata wa kubanja lolemera ankapita kwa Wilkinson ku Pall Mall, wosauka nkugula lotchipa looneka chimodzimodzi. Lero zaka 100 zitadutsa kusiyana kumeneko nkomwe kumapanga mtengo.

Ndipo maofisala a Keyala masiku amenewo anali azungu obwerekedwa kuchokera ku magulu awo a ku Britain, amabwera ku Zomba zaka zingapo nkubwerera, ambiri ndi lupanga lomwe anagula kwawo akulowa usilikali. Ndiye kusapezeka kwa zilembo za KAR pa lanulo sikutsutsa kanthu komanso sikuvomereza kanthu. Chomwe chingalankhule ndi dzina la mwini wake.

Tsopano tengani lupangalo, muvale magolovesi kapena mugwire ndi kansalu, mulitembenuze muyang'ane pamsana, mbali yosathwa ija, pafupi penipeni ndi chigwiriro. Ngati ndi la Wilkinson pamakhala nambala yodindidwa, kampaniyi inayamba kuika manambala mu 1854 ndipo inkalemba m'mabuku ake nambala iliyonse, tsiku lomwe chitsulocho chinayesedwa komanso nthawi zambiri dzina la wogula. Mabuku amenewo alipo mpaka pano ngakhale kuti Wilkinson anasiya kusula malupanga mu 2005 nkutsala ndi malezala ometera aja, ndipo mukalipira kandalama pang'ono omwe akuwasunga amakutumizirani kope la tsamba la nambala yanuyo. Nthawi zina mzere wa dzina umapezeka wopanda kanthu, makamaka omwe anagulitsidwa mothamanga nthawi ya nkhondo, pamenepo palibe chochita. Koma dzina likapezeka nde mwayamba ulendo wokoma kuposa kugula kwenikweniko, mumakalisaka mu London Gazette yomwe ili pa intaneti ulele, mmene munkalengezedwa ofisala aliyense akapatsidwa udindo kapena kubwerekedwa ku gulu lina, kenako mu Army List, buku la mayina a maofisala, kenako ku National Archives ku Kew komwe kuli mafayilo a maofisala ambiri a nkhondo yoyamba. Mukaona mzere woti munthuyo anatumizidwa ku King's African Rifles mu 1913, pamenepo mutha kuyamba kulota za Karonga. Ngati palibe nambala, palibe dzina, palibe ngakhale zilembo zoyambirira za dzina pachitsulo, lupanga lanu ndi la ofisala wosadziwika wa nthawi ya George V basi, ndipo si zamanyazi, ambiri ali choncho chifukwa pakati pa 1914 ndi 1918 anyamata ochuluka zedi anapatsidwa uofisala ndipo mafakitale ankangotulutsa.

Yang'ananinso kandalama kakang'ono ka mkuwa kolowetsedwa m'chitsulo pafupi ndi chigwiriro, kali mkati mwa nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Anthu amafunsa ngati ndi chizindikiro cha Ayuda, ayi, ndi chizindikiro choti chitsulocho chinayesedwa pochipinda ndi kuchimenyetsa. Ka Wilkinson wakale kamalembedwa HW, dzina la Henry Wilkinson, ena amangolemba PROVED. Koma musakakhulupirire kokha, opanga mafeki nawo amakaika.

China chomwe anthu ambiri sachita: yerekezani zilembo za mfumu zomwe zili pachotchinga dzanja ndi zomwe zajambulidwa pachitsulo chenichenicho. Zimatheka pachitsulo pali VR koma pachigwiriro pali mfumu ina, chifukwa pateni ikasintha ofisala wosafuna kuononga ndalama ankangopititsa lupanga lake kuti alisinthe chigwiriro, ena ankalandira la bambo awo nkuliveka chigwiriro chatsopano. Zoterezo si feki, zina zimakhala ndi mbiri yokoma kwabasi. Nde ngati pachitsulo panu pali VR mundiuze msanga, nkhani isintha pang'ono, ngakhale sindikuyembekeza.

Pateni ya 1897 imeneyi ine ndimaikonda ngakhale anzanga ena amati njotopetsa poti ili paliponse. Taligwirani muone, chitsulo chake nchowongoka, chapafupifupi masentimita 82, theka la kufupi ndi dzanja nlobuntha mbali zonse ndipo lili ndi kangalande pakati, kuthwa kuli chakunsonga. Kangalandeko si kodutsa magazi ngati mmene amanenera m'mafilimu, nkopepukitsa chitsulo chikhalebe cholimba. Chitsulo chimenechi chinabwera mu 1892, nchobayira osati kutemera, chotchinga dzanja chachitsulo chobowolabowola chinabwera mu 1895, kenako maofisala anadandaula kuti mphepete mwake mukudya yunifolomu pantchafu poyenda, nde mu 1897 anangopinda mphepete ya mkatiyo kuti isamakhule nsalu. Kasinthidwe kakang'ono kameneko nkomwe kamasiyanitsa 1895 ndi 1897, pitani ndi chala mumve kupindikako. Mpaka lero maofisala ambiri a asilikali oyenda pansi a ku Britain pa perete amanyamula pateni yomweyo, kusintha kwake ndi zilembo za mfumu basi.

Chimake chakenso chimanena zambiri. Chachitsulo chonyezimira chinali cha perete, chachikopa chofiirira chinali cha kutchire, chokolekedwa pa lamba uja wa Sam Browne. Dzinali ndi la mkulu wa asilikali yemwe anadulidwa mkono wamanzere ku India mu 1858, ndiye poti analibe dzanja logwirira chimake posolola lupanga anapanga lamba wodutsa paphewa wochigwira chisagwedezeke, apolisi ndi asilikali ambiri anatengera pamenepo. Mu August 1914 maofisala ananoletsa malupanga awo popita ku France, koma sipanathe nthawi yaitali anazindikira kuti kutsogolo kwa chiwaya lupanga limangouza mdani kuti wombera uyu ndiye mtsogoleri, nde anawasiya. Lanulo likakhala lonoledwa bwinobwino mwaukatswiri chakunsongako, osati zokhulidwa ndi galayinda, chimenecho ndi chizindikiro chabwino ndipo otolera amachikonda.

Tsopano za kutsuka. Apa nde ndikupemphani ndagwada, musalitsuke kuti liwale. Si poto.

Ine ndinaononga langa loyamba, mpaka pano ndikaliona mtima umawawa. Linali pateni ya 1822, chigwiriro cha mkuwa, ndinabwera nalo kunyumba ndili ndi chimwemwe nkutenga Brasso ndi ka steelwool ka kukhitchini, mmene timakwechera mapoto kwathu kuja, ola limodzi lokha chigwiriro chinali phuliphuli ngati chatsopano ndipo ndinajambula nkutumizira mkulu wina yemwe anandiphunzitsa zinthuzi. Anangoyankha kuti golide yense yemwe anatsala mmakona uja ali pa kansalu kako. Sindinkadziwa kuti mkuwawo unali wokutidwa ndi golide wopyapyala, ndipo maluwa ojambulidwa pachitsulo ndinawafafaniza mbali imodzi. Zomwe zinapirira zaka zoposa 150 ndinazimaliza tiyi asanazizire.

Dzimbiri lilipo la mitundu iwiri. Lofiira, lomwe limasiya utoto pachala, ndi lamoyo, likudya chitsulo ndipo liyenera kuimitsidwa. Madontho akuda kapena otuwa ndi zipsera zakale, zinafa kale, zisiyeni, wotolera aliyense amayembekeza kuziona. Pa lofiiralo donthezani oyilo wopepuka, wa makina osokera amakwana, musiye tsiku lonse kapena masiku awiri, kenako pukutani ndi kansalu kofewa, pomwe pakakamira palani pang'onopang'ono ndi kamtengo kapena kachidutswa ka mkuwa poti mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo. Steelwool yololedwa ndi yosalala kwambiri ija ya 0000, ili ndi oyilo, pamalo opanda zojambula pokha, dzanja lopepuka. Sandipepala ayi, galayinda ayi, viniga ayi, Coca-Cola wa pa YouTube uja ayi. Mukamaliza chotsani oyiloyo mupake phula lopyapyala, ambiri timagwiritsa Renaissance Wax yomwe inapangidwa ndi akatswiri a ku British Museum. Chigwiriro chija chokhakhala ngati tinthongo ndi chikopa cha nsomba, shaki kapena za mtundu umenewo, chokulungidwa ndi waya, chimenecho mswachi wofewa wouma basi, madzi ayi, ndipo waya akamasuka musamukoke. Musalimasule kuti muone mkati, kubwezeretsa kwake simungakuthe.

Posunga musaligoneke m'chimake chachikopa kwa miyezi, chikopa chimagwira chinyezi nkudyetsa chitsulo, komanso nyumba za ku UK kuno mukudziwa mmene zimachitira nkhungu nthawi yozizira, ku galaja ndi kudenga ayi. Ndipo alendo akabwera aliyense amafuna kugwira chitsulo ndi chala kuyesa kuthwa, thukuta la chala limasiya chidindo chomwe pakatha mwezi chimasanduka dzimbiri, pukutani akangochoka.

Zoti muyambe kutolera, bwerani, koma musathamange. Miyezi ingapo yoyambayi ndalama ikhale m'thumba, maso ndi omwe agwire ntchito. Muli pafupi ndi Leeds, pitani ku Royal Armouries kulowa kwake nkwaulele, mukafika ku London kuli National Army Museum ku Chelsea. Pitaninso ku maokushoni tsiku loonetsa katundu, amakulolani kugwira, nde mugwire ambirimbiri mpaka dzanja lizolowere kulemera kwa lenileni. Feki zambiri zopangidwa masiku ano zimadziwika m'dzanja maso asanaone, zimalemera chakunsonga ngati chikwanje chifukwa chitsulo chake nchokhuthala mofanana kuyambira kuchigwiriro mpaka kumapeto, pamene lenileni limayamba lokhuthala nkumapyapyala. Zojambula za feki zimakhala zosamveka ngati fotokope ya fotokope, chisoti chachifumu chopindika, zilembo zolakwika, ndipo dzimbiri lake limakhala lofanana paliponse ngati lopaka, pamene ukalamba weniweni umadya malo ogwiridwagwiridwa nkusiya mobisika. Likawala kwambiri pa mtengo wotsika kumbukirani chikomekome cha mkuyu.

Sankhaninso mzere umodzi, apo ayi nyumba idzadza zitsulo zosagwirizana akaunti ili mbee. Ena amatsata pateni ya oyenda pansi kuyambira 1796, 1822, 1845 mpaka 1897. Ena amatenga 1897 yomweyo mfumu iliyonse, Victoria, Edward VII, George V, George VI, Elizabeth II, nkumasakasaka la Edward VIII yemwe anakhala pampando chaka chosakwana mu 1936, limenelo nde losowa ndipo mafeki ake ngambiri. Ena amakonda za apanyanja, pateni ya 1827 ya mutu wa mkango ndi nangula. Lomwe aliyense amalilota ndi lokhota lija la okwera akavalo la 1796 lomwe anakonza John Le Marchant, amene anafera ku Salamanca mu 1812, koma pamenepo wongoyamba kumene amapondedwa mosavuta poti a Prussia anakopera dizaini yomweyo mu 1811 nkupanga ambirimbiri. A ku Japan aja, omwe maofisala awo anapereka pogonja mu 1945, ndi dziko lina palokha, musalowemo opanda wokugwirani dzanja.

Malamulo nawo muwadziwe. Ku England lupanga lokhota lotalika masentimita 50 kapena kuposa ndi loletsedwa kuyambira 2008, kupatula lopangidwa chisanafike chaka cha 1954 kapena losulidwa pamanja mwachikale, ndiye akale enieni alibe vuto koma feki yokhota yotchipa ikhoza kukuikani m'madzi. Lanulo nlowongoka. Komabe musayende nalo poyera, likulungeni bwino, kuchoka pogula kupita kunyumba basi, lisiti m'thumba. Chenjerani kwambiri ndi malupanga a akuluakulu a asilikali a pateni ya 1831, chigwiriro chake chimakhala cha mnyanga wa njovu, lamulo la Ivory Act linayamba kugwira ntchito mu June 2022 ndipo kugula kapena kugulitsa popanda kulembetsa ndi mlandu, nanga kulowa nalo pa Chileka kapena pa KIA, kwathu mlandu wa mnyanga umafika zaka 30 kundende, musayerekeze nkomwe. Lanuli mukafuna kupita nalo kumudzi funsani kampani ya ndege ndi a MRA musanagule tikiti, ndipo m'chikwama cha m'manja sililowa.

Za mapaundi 280 aja, ngati lili ndi chimake chake, chikopa cha pachigwiriro chili chonse, ndipo nkupezeka kuti ndi Wilkinson wa nambala, simunaluze. Ngati ndi la telala lopanda nambala, mwaonjezerako ndalama ya nkhani ija, itengeni ngati fizi, tonse tinalipira.

Koma pali china chomwe chandikhudza mu funso lanu, mwati mtima unagunda chifukwa cha agogo. Agogo anu sananyamulepo lupanga ngati limeneli achimwene, nthawi imeneyo munthu wakuda sankapatsidwa uofisala wotero mu Keyala. Iwo ananyamula mfuti, mpeni womanga kunsonga kwa mfuti ndi chikwanje, mwina ngati anali wotumikira bwana nde analipukutapo usiku woti mawa kuli perete. Alexander Cobbe analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima, chifukwa cha zomwe anachita ku Erego ku Somaliland mu October 1902 akutsogolera asilikali a kwathu, dzina lake lili pa baraki ya ku Zomba mpaka lero, anyamata omwe anali naye tsiku limenelo ndi ochepa amene angawatchule. Ngati chomwe mukusaka ndi fungo la agogo, yang'anani mamendulo. A nkhondo yoyamba komanso Africa General Service Medal ali ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali zodindidwa m'mphepete mwake, ndipo pa maokushoni a kunoko amatulukatuluka, ukawatembenuza umawerenga dzina la Chiyao kapena la Chingoni kenako 1/KAR kapena 2/KAR. Palinso ina ya kachitsulo kolembedwa Nyasaland 1915, yomwe inaperekedwa kwa omwe anathana ndi kuukira kwa John Chilembwe, imeneyo ukaigwira m'manja sudziwa kuti umve bwanji. A nkhondo yachiwiri monga Burma Star ankaperekedwa opanda dzina, nde ngati agogo anali a ku Burma mu 1944 funsani kumudzi ngati kabuku kawo kotulukira usilikali kakadalipo m'bokosi, chiswe chisanakapeze.

Nditumizireni zithunzi zitatu, pamsana pafupi ndi chigwiriro, kandalama ka mkuwa kaja, ndi zilembo za mfumu za pachitsulo, mujambule masana pafupi ndi windo osayatsa flash. Brasso uja mubwezere pansi pa sinki.